Kutsuka boti musanalisamutse: mmene mungapewere kunyamula namasupuni, nkhono ndi matenda a nsomba

Namasupuni sakwera mathithi. Akagwera mumtsinje amatsata madzi kunka kumunsi, ndipo mphepo imangomukankhira uku ndi uku. Chomerachi kwawo ndi ku South America, ndipo m'Malawi chinayamba kuoneka kumunsi kwa Shire chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Pakati pa Matope ndi Chikwawa pali mathithi amene ngakhale bwato silingadutse, koma lero namasupuni ali ku Liwonde, ku Malombe ndi m'mathiriro a mitsinje yolowa m'nyanja ya Malawi. Kumtundako anafikako ndi anthu: wina anakopeka ndi maluwa ake, wina anamunyamula osadziwa. Amene ali ndi boti loyendera alendo, lothamanga, la matanga, kayaki kapena bwato wokwezedwa pa lole ali m'gulu la onyamula osadziwawo, ndipo malangizo awa ndi awo.

Lamulo lalikulu ndi limodzi: boti limatsukidwa kumene likuchokera, osati kumene likupita. Mukafika pa doko la Senga Bay ndi boti lochokera ku Liwonde n'kuyamba kulitsuka pamchenga, mwatsitsa katundu yense amene mumafuna kumusiya.

Zimene boti limanyamula

Namasupuni amaberekana m'njira ziwiri. Amatulutsa timphukira m'mbali, ndipo m'madzi ofunda okhala ndi manyowa ambiri amatha kuwirikiza kawiri pasanathe masabata 2. Amaberekanso njere zazing'ono ngati chitowe, zimene zimamira m'matope n'kukhala zamoyo zaka 15 kapena kupitirira. Choncho dothi la pa nangula n'loopsa mofanana ndi tsamba lokola pa pulopela. Zotsatira zake timaziona tonse: zinyalala za m'madzi zikatseka zosefera pa Nkula, Tedzani kapena Kapichira, magetsi amachepa, n'chifukwa chake pa baraji ya Kamuzu ku Liwonde pali chotchinga ndi makina owolera udzu.

Salvinia, amene ena amamutcha udzu wa Kariba, ndi kachomera koyandama kochokera ku Brazil, ka masamba ang'onoang'ono aubweya. Sabereka njere zomera, amafala ndi tizidutswa basi, koma pofika 1962 anali ataphimba gawo loposa limodzi mwa magawo 5 a nyanja ya Kariba. Kachidutswa kamodzi kokhala ndi mfundo n'kokwanira.

Nkhono ndi zovuta kuposa zomera. Mtundu wa Melanoides wochokera ku Asia unalowa kale m'nyanja ya Malawi. Yaikazi imaswa ana popanda yaimuna, ndiye nkhono imodzi yomatirira pa chingwe ikhoza kuyambitsa mudzi wonse. Ilinso ndi kachitseko kotsekera chigoba, kamene kamaiteteza ku dzuwa ndi ku mankhwala kwa nthawi ndithu.

Mumtsinje wa Kafue ku Zambia ndi m'nyanja ya Kariba muli redclaw, kanyama ka mtundu wa nkhanu kochokera ku Australia, kamene kanafalikira kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Kamadya nsomba zokodwa m'matchera msodzi asanazonjole. Yaikazi imanyamula mazira mazanamazana pansi pa mchira ndipo imapirira kunja kwa madzi malinga pali chinyontho, monga mumulu wa ukonde wonyowa.

Ndiye pali zosaoneka ndi maso. Matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS anatsimikizika m'Malawi mu 2020 ku Mchinji, atavuta kale ku Chobe ndi kumtunda kwa Zambezi. Kachilombo kake kamayenda ndi nsomba zodwala, madzi ndi zipangizo zonyowa. Ku America anaphunzira zomwezi ndi tinkhono ta zebra mussel, timene tinapezeka m'nyanja ya St. Clair mu 1988. Ana ake saoneka, amangoyandama m'madzi, ndipo afika nyanja zambirimbiri za kumtunda m'madzi otsalira m'maboti okokedwa pamsewu.

Poyamba: chotsani zooneka, boti likangotuluka m'madzi

Kokerani boti pamtunda, pamalo pamene madzi otsukira sangabwerere m'nyanja, mumtsinje kapena mungalande. Mamita 50 kuchokera pagombe ndi poyambira pabwino, ndipo dothi lomwa madzi ndi labwino kuposa simenti yotsetserekera kunyanja. Khalani ndi burashi yolimba, mpeni, ndowa ziwiri, thumba la saka ndi tochi.

Yambani kumutu, muzungulire boti lonse mbali imodzi mpaka mubwerere pomwe munayambira. Osadumphadumpha, chifukwa malo amene mwadumpha ndi amene mudzaiwale. Yendetsani chikhatho pathupi la boti m'munsi mwa mzere wa madzi. Pakamveka ngati mchenga kapena poterera, pali zamoyo zomatirira, palani ndi burashi.

Pa injini onani pulopela ndi kuseri kwake, pamene udzu ndi ulusi wa mbedza zimakulungana pa shafiti. Ngati n'kotheka masulani pulopelayo, popeza ulusi womwewo umadyanso silo, labala wotchinga madzi, n'kulowetsa madzi mu giyabokosi. Onani timabowo tolowera madzi oziziritsa injini m'mbali mwa mwendo wake, ndi zomangira injini ku boti. Pa boti la matanga tulutsani thabwa la pakati ndi chiwongolero, muunike ndi tochi m'kabokosi kamene thabwalo limalowamo. M'menemo mumakhala monyowa nthawi zonse ndipo anthu ambiri sayang'anamo.

Thirela ndiye imanyamula udzu wambiri kuposa boti lenilenilo, chifukwa imalowa chafutambuyo pamalo osaya pomwe namasupuni amaunjikana. Gwadani muone akisulo, masipuling'i, mkati mwa madigadi, mawaya a malaiti, nambala ndi tayala lapadera. Matabwa okutidwa ndi kapeti amene boti limakhalapo amasunga tizidutswa ndi chinyontho, ndipo mbali yopanikizidwa ndi boti simungaione bwino boti lili pomwepo. Itsukeni boti likadali pamadzi kapena mulinyamule pang'ono ndi jeke. Zitsulo za thirela zambiri zili ndi mphako, zimamwa madzi polowa m'nyanja n'kumakawalavula panjira kapena pa doko lotsatira. Pendeketsani thirela kutsogolo ndi kumbuyo mpaka zileke kudontha. Musaiwale matayala akumbuyo a galimoto ngati anaponda m'matope.

Nangula mutsukeni mpaka chitsulo kapena mwala uoneke, ndipo chingwe chake muchitambasule chonse. Chingwe chopindidwa chili chonyowa n'kuponyedwa m'kabokosi kakumutu ndi nyumba yabwino ya nkhono.

Zonse mwachotsazo ziikeni m'saka. Kaziyanikeni pamalo okwera amene madzi osefukira safikapo, ndipo zikauma muzitenthe kapena muzikwirire m'dzenje lakuya. Namasupuni wa maluwa kapena wa njere asapite pa kompositi, chifukwa njere zimapulumuka n'kutsika ndi mvula yoyamba.

Chachiwiri: khuthulani madzi onse

Apa ndi pamene ambiri amalephera, chifukwa boti looneka loyera amaliyesa lotsuka. Chotsani pulagi yakumbuyo, kwezani mutu wa boti kuti madzi atsikire kubowolo, ndipo pulagiyo ikhale yochotsa ulendo wonse. Imangirireni pa chiwongolero kapena pa kiyi kuti musadzalowe m'madzi mutaiwala kuibwezera. Ngozi imeneyo imachitika, ndipo kuiopa n'kumene kumachititsa ena kusachotsa pulagi n'komwe.

Tukulani matabwa apansi. Pampu imasiya madzi pang'ono nthawi zonse, ndiye otsalawo akapeni ndi chigubu, mumalize ndi siponji kapena chiguduli. Tsegulani timabokosi tonse, thanki yosungira nsomba zamoyo ngati ilipo, ndi bokosi la ayezi. Kayaki ichotseni zotsekera, muiimike chamutu, muigwedeze. Maboti opopa mpweya amabisa madzi ndi mchenga pakati pa chubu ndi pansi pake, choncho aphwetseni pang'ono kuti mpatawo utseguke.

Injini itsitseni iime chilili kwa mphindi zingapo kuti madzi a m'njira zoziziritsira atuluke, kenako muikweze poyenda. Ikakhala yopendekeka kuyambira pa doko, madziwo amatsalira m'kati. Mukafika pamene pali madzi a pampopi kapena a pamjigo, itsukeni m'kati: ikani zomata za labala pa timabowo tolowera madzi, kapena miza mwendo wa injini m'mgolo mpaka timabowoto timire bwino, tsegulani madzi, kenako lizani injini ili pa nyutulo kwa mphindi 5 mpaka 10. Onetsetsani kuti kamadzi kotuluka kumbuyo kakuthamanga. Musalize injini popanda madzi ngakhale pang'ono, chifukwa kapampu ka labala ka m'kati kamapsa m'masekondi ochepa, ndipo mudzazindikira injini itatentha muli pakati pa nyanja. Jet ski yokha, kaboti kokwera ngati njinga yamoto, ndiye imalizidwa masekondi 5 mpaka 10 itatuluka m'madzi kuti ilavule otsalira, osapitirira pamenepo.

Chachitatu: madzi otentha kapena mankhwala

Ngati boti likalowa m'madzi ena pasanathe masiku 5, kuchotsa ndi kukhuthula sikukwana. Pafunika kupha zotsalira, ndipo madzi otentha ndiwo odalirika kuposa mankhwala, chifukwa kutentha kumalowa ngakhale m'chigoba chotseka.

Miyezo yake ndi iyi. Pa thupi la boti, thirela, nangula ndi zitsulo, madzi a madigiri 60 akhudze malo alionse kwa masekondi 10 kapena kupitirira. Pa zinthu zomwa madzi monga zingwe, majekete oyandamitsa, nsapato ndi zovala zosambira, zinyikeni m'madzi osachepera madigiri 45 kwa mphindi 20. M'kati mwa injini ndi m'mapampu musapitirire madigiri 49, kuopa kuwononga labala ndi pulasitiki, ndipo madziwo ayende kwa mphindi 2.

Popanda choyezera kutentha, gwiritsani ntchito muyezo wa ndowa. Madzi owira osakaniza ndi ozizira a pamjigo mulingo wofanana amafika pafupifupi madigiri 60. Gawo limodzi la owira ndi magawo awiri a ozizira amafika pafupifupi madigiri 50, amene ndi abwino ponyika zingwe chifukwa amazizira pang'ono zinthu zikalowamo. Vundikirani mgolowo, ndipo pakatha mphindi 10 onjezerani ketulo ina ya owira. Cholakwika chofala ndi kuthira madzi otentha mothamanga pa chitsulo chozizira: amafika atazizira kale ndipo nkhono imangodzitsekera. Thirani pang'onopang'ono, chigawo ndi chigawo. Madzi a madigiri 60 amawotcha khungu m'masekondi ochepa, choncho valani magolovesi ndi nsapato zotseka, ndipo ana akhale patali.

Pamene nkhuni kapena gasi n'zovuta, bulichi wa m'nyumba monga Jik amathandiza pa ndere ndi tizilombo ta matenda. Sakanizani mamililita 200 m'malita 10 a madzi, kapena 400 mundowa ya malita 20. Nyikani kapena nyowetsani kwa mphindi 10, kenako tsukuluzani ndi madzi oyera. Chotsani matope kaye, chifukwa dothi limatha mphamvu ya bulichi asanagwire ntchito. Sakanizani watsopano tsiku lililonse. Musamuphatikize ndi mankhwala ena otsukira, popeza amatulutsa mpweya wakupha. Amadya aluminiyamu, amafooketsa ulusi wa ukonde ndi nsalu za majekete, ndiye pa zimenezi madzi otentha ndi abwino. M'injini asalowemo. Madzi otsalawo atayeni padothi kutali ndi gombe, chifukwa bulichi amapha nsomba msanga kuposa mmene amaphera nkhono.

Makina opopera madzi mwamphamvu a kotsukira galimoto amachotsa zomatirira bwino, koma ngati madzi ake ndi ozizira sapha kanthu, amangosamutsa. Funsani kumene ngalande ya pamalopo imathera. Ngati imatsikira mumtsinje wa Lilongwe kapena Mudi, pitani kwina.

Chachinayi: kuyanika

Dzuwa ndi laulere ndipo limapha pafupifupi zonse tatchulazi, kupatula njere za namasupuni zimene zimafuna kuchotsedwa ndi manja. Muyezo wake ndi masiku 5 boti lili louma, ndipo kuwerenga kumayamba tsiku limene malo onyowa kwambiri auma, osati tsiku lotuluka m'madzi. Mu Okutobala ku Mangochi zimenezi sizivuta. M'dzinja, kapena mu Juni ndi Julayi kukakhala chiperoni, perekani masabata 2, ndipo mvula ikalowa m'boti yambaninso kuwerenga.

Siyani zitseko zonse zotsegula, matabwa apansi atatukulidwa, mipando ya siponji itaimikidwa. Musafunditse lona boti lisanaume, chifukwa pansi pa lona pamakhala chinyezi chimene chimasunga zamoyo masiku ambiri. Matanga, zingwe ndi maukonde azipachikidwa motambasula. Pisani dzanja m'malo obisika: pansi pa thanki ya petulo, m'makona akumbuyo, m'kapeti ya thirela. Pakazizira m'manja, sipanaume.

Bwato wosema ndi boti la matabwa zimafuna nzeru ina, chifukwa dzuwa lamphamvu limang'amba mtengo ndi kutsegula mipata. Eni ake ambiri amakana kuyanika pa chifukwa chimenechi, ndipo nkhawa yawo ndi yoona. Njira yake ndi kudalira kwambiri burashi ndi madzi otentha, makamaka m'ming'alu, m'zigamba za malata ndi mozungulira phula, kenako kuvundikira bwatowo chafufumimba pa mitengo iwiri pamthunzi podutsa mphepo. Matabwa akachita mipata, thiranimo madzi a pamjigo usiku umodzi kuti afufume musanalowe m'nyanja. Izi zikukhudza kwambiri mabwato amene amakwezedwa pa lole pakati pa Chilwa, Chiuta, Malombe ndi nyanja yaikulu nsomba zikasowa kwina.

Nyambo, nsomba zamoyo ndi zokongoletsa

Pano palibe chotsuka, pali kungoleka. Nyambo yamoyo igwidwe m'madzi omwe mukuwedzamo, ndipo yotsala isatayidwe m'madzi ena, ikwirireni pamtunda. Madzi a m'ndowa ya nyambo nawonso atayidwe padothi. Nsomba ya zilonda zofiira musaiponyenso m'madzi kapena kupita nayo kwina. Ikwirireni, mudziwitse alangizi a zausodzi.

Ena amaganiza kuti kusamutsa nsomba m'nyanja imodzi yomweyo kulibe vuto. Mbuna zambiri, nsomba zazing'ono zokongola za m'miyala, zimakhala pa chilumba chimodzi kapena pa miyala ya malo amodzi okha, ndipo sizidutsa pamchenga kapena pakuya. Pa chilumba cha Thumbi West ku Cape Maclear pali mitundu imene inatayidwapo kuchokera kumpoto kwa nyanja ndi ochita malonda a nsomba zokongoletsa, ndipo ina mwa iyo inaswana ndi mbuna za pomwepo. Zimenezi sizibwezeka, ndipo zinachitika m'dera limene lero ndi Lake Malawi National Park, imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zomwezo. Mlendo akagwira kansomba kokongola pa chilumba cha Domwe, kabwerere pa Domwe pomwepo.

Nsomba yochokera kunja ndiye nkhani yaikulu koposa. Nile perch itaikidwa m'nyanja ya Victoria m'zaka za m'ma 1950, mitundu pafupifupi 200 ya nsomba zakomweko inasowa. Nile tilapia yalanda malo a makumba a ku Kariba, ndipo ili pachibale ndi chambo moti ikhoza kupikisana nacho kapena kuswana nacho. Lamulo la zausodzi la Malawi limaletsa kulowetsa nsomba zachilendo m'madzi a dziko lino popanda chilolezo. Redclaw nayo musabwere nayo yamoyo kuchokera ku Siavonga, m'mbali mwa nyanja ya Kariba, kapena ku Kafue, ngakhale ikhale ya ndiwo.

Kwa oyang'anira madoko, malo ogona alendo ndi mipikisano

Munthu mmodzi woima pa doko amagwira zambiri kuposa chikwangwani. Boti lililonse lobwera pa thirela lifunsidwe mafunso awiri: linali m'madzi ati komaliza, ndipo linatuluka liti? Lochokera ku Kariba, Cahora Bassa, Kafue, kumunsi kwa Shire kapena ku madamu a ku South Africa monga Hartbeespoort, kumene namasupuni wavuta zaka zambiri, liyang'anidwe mbali zonse. Ngati pulagi ili yotseka ndipo m'kati muli madzi, libwezedwe pamtunda likatsukidwe ndi madzi otentha. Pa mpikisano wa maboti a matanga kapena wa kuwedza, lembani zimenezi m'malamulo olowera ndipo perekani tsiku lathunthu loyendera maboti mpikisano usanayambe, chifukwa m'mawa wa tsiku loyamba aliyense amakhala pa changu.

Malo otsukira safuna ndalama zambiri: dzenje la mita imodzi lodzaza miyala ndi mchenga kuti madzi azilowa pansi, mgolo wa malita 200 pa mafuwa, ndowa, maburashi ndi dzenje lina la zinyalala. Zopalasira, magalasi osambira ndi majekete obwereketsa alendo zikhale za pamalopo, zisamayende pakati pa nyanja ndi mtsinje. Doko lenilenilo lizichotsedwa udzu woyandama kawirikawiri, popeza thirela yolowa pamalo oyera imatuluka yoyera. Makomiti a m'magombe akhoza kuchita zomwezi pa mabwato ndi maukonde obwera pa lole.

Mukaona chomera, nkhono kapena nsomba yachilendo pamalo pamene sinalipo, ijambuleni pafupi ndi chinthu chodziwika kukula kwake monga ndalama yachitsulo, lembani malo ndi tsiku. Nyama muiike m'botolo la sipiriti kapena mufiriji, chomera muchiumitse pakati pa mapepala, ndipo mupite nazo ku ofesi ya zausodzi ya boma lanu, kapena kwa oyang'anira paki ngati muli ku Liwonde kapena ku Cape Maclear. Kachigamba ka namasupuni kochepa ngati mphasa kamazulidwa ndi anthu awiri tsiku limodzi. Zulani chonse ndi mizu yomwe, osachidula ndi pulopela kapena chikwanje chifukwa zidutswazo zimaphukanso, ndipo muzibwerera pamalopo mwezi ndi mwezi kudzazula mbande zomera ku njere zotsala m'matope.